Piyano yakale ikugulitsidwa, ndiyang'ane chiyani ndisanalipire?

Mphunzitsi wa nyimbo, Zomba: Akuluakulu, thandizeni. Banja lina likusamuka ndipo likugulitsa piyano yoimirira, yakale ya ku England. Kunja ikuwala bwino, makiyi onse 88 akulira. Koma ndayesa ndi app ya pafoni, kiyi ya A yomwe imayenera kukhala pa 440 Hz (muyeso wa kukwera kwa mawu) ili cha pa 415. Eni ake akuti ingofunika kuchuna basi. Ndi ya ana asukulu. Nditenge?

Woimba limba kutchalitchi, Lilongwe: Aphunzitsi, 415 ndiye kuti yatsika ndi semitone yathunthu, kutanthauza kuti ikulira ngati kiyi yoyandikana nayo kumanzere. Yakhala zaka osaonedwa ndi wochuna. Zimenezo pazokha sizipha piyano, koma musatengeke ndi polishi. Chotsani thabwa lakutsogolo, lapamwamba ndi lapansi lomwe, muunike ndi tochi. Njenjete zimadya felt (nsalu yaubweya ya m'kati mwa piyano), makoswe amamanga zisa pansi pa makiyi. Mukaona ufa wamatabwa pansi ndi timabowo, mwalowa tizilombo.

Wochuna mapiyano, Blantyre: Amayi, musanapite patali, mukatsegula pamwamba mukuona tinyundo bwinobwino, kapena patsogolo pali mawaya ataliatali ngati khola la mbalame? Ngati alipo, imeneyo ndi overdamper, mtundu wakale womwe ma damper (tozimitsa mawu) amakhala pamwamba pa tinyundo. Mawu sazima msanga mukachotsa chala, ndipo kuichuna ndi chintchito.

Mphunzitsi: Mawayawo palibe bambo, tinyundo tikuoneka. Tili ndi timizere pomwe timamenya nsambo koma tosazama. Nsambo zazikulu zadutsa mopingasa pamwamba pa zinzake. Dzimbiri ndi lochepa. Koma makiyi akumapeto kudzanja lamanja akumalirabe ndikawasiya.

Wochuna: Kupingasako ndi kwabwino. Akumapetowo asakudetseni nkhawa, alibe ma damper mu piyano iliyonse, anapangidwa choncho. Nkhani yagona pa mapini omwe nsambo zakulungidwapo. Piyano ili ndi nsambo zoposa 200, ndipo zonse pamodzi zimakoka mphamvu ya matani pafupifupi 18. Chimagwira mapiniwo ndi thabwa lolimba lomwe labisika kuseri kwa chitsulo. Likauma n'kung'aluka, mapini amabwerera okha. Ndichune lero, mawa yabwerera pomwe inali. Ndipo kuno chinyezi cha dzinja kenako kutentha kwa Okutobala zimazunza matabwa.

Chitani izi. Kuyambira pakati kupita kumanja, kiyi iliyonse ili ndi nsambo zitatu. Dinani imodziimodzi pang'onopang'ono. Ngati zonse zatsika mofanana, si vuto lalikulu. Koma kiyi imodzi ikamamveka ngati mwadina ziwiri, pini ina yamasuka. Onaninso ngati pali zizindikiro za choko, kapena madontho akuda mozungulira mapini. Choko nthawi zambiri ndi chizindikiro cha wochuna pa mapini ovuta, pomwe madonthowo ndiye kuti wina anathirapo kale mankhwala olimbitsa.

Mphunzitsi: Ndabwererako masana ano. Makiyi asanu oyandikana, chapakati, akumveka pawiri zoopsa. Choko chilipo pa mapini omwewo, ali pamzere umodzi.

Woimba limba: Eee, ndiye wochuna wina anaiona kale n'kuithawa.

Wochuna: Kukhala pamzere umodziko ndiye kwandiopsa. Pini imodzi yokha tikanaika yonenepa pang'ono. Koma oyandikana chonchi nthawi zambiri ndi mng'alu wa thabwa, ndipo ukakhomapo pini yaikulu umangoukulitsa. Kusintha thabwalo pa piyano yoimirira kumadya ndalama kuposa mtengo wa piyanoyo. Onjezani galimoto ndi amuna anayi onyamula chinthu cha makilo oposa 200.

Woimba limba: Ana ophunzira pa piyano yosachunika khutu lawo limazolowera zolakwika. Bola ya digito ya makiyi 88 olemera, ngakhale magetsi amativuta.

Mphunzitsi: Eni ake atsitsa mtengo ndi theka nditawaonetsa chokocho.

Wochuna: Angatsitse bwanji, musapereke kalikonse. Loweruka ndili ndi ntchito ku Zomba komweko, ndidzabwera ndi sipanala yanga yochunira. Ndikadzagwira mapini asanuwo dzanja lidzandiuza. Auzeni asaisunthe pomwe ili, ndikufunanso kuona thabwa lakumbuyo ndi chitsulo ngati zilibe ming'alu.