Boti la chakudya chamadzulo ku Bangkok: ndiwakweze liti amayi anga?

Abale ndi alongo pagulu pano, ndigaireniko nzeru. Mwezi wa November ndikupita ku Bangkok, ku Thailand, kukaoda zovala kumsika wa Pratunam, ndipo ulendo uno ndikutengana ndi amayi anga, a zaka 68. Ndikufuna usiku umodzi ndiwakweze boti lodyeramo chakudya chamadzulo pamtsinje wa Chao Phraya, akaone kachisi wa Wat Arun ndi nyumba yachifumu ya Grand Palace magetsi atayaka. Koma pa intaneti mutu wandiima, maboti ndi ambirimbiri ndipo aliyense akutama lake.

Ndaona kuti alipo amitundu iwiri. Pali akuluakulu monga Chao Phraya Princess, White Orchid ndi Wonderful Pearl, onyamula anthu mazana, chakudya chodzigawira wekha, bandi ikuimba. Mitengo yomwe ndikuona ikusewera pa 1,000 mpaka 1,500 baht (ndalama za ku Thailand) munthu mmodzi. Ndiye pali amatabwa aja amene kale ankanyamula mpunga, monga Manohra ndi Loy Nava. Matebulo ndi ochepa, chakudya amakupatsira pomwe wakhala, koma mtengo ndi wowirikiza kawiri kapena kuposa.

Amayi mawondo amawavuta. Sangaime pamzere mbale ili m'manja boti likugwedera. Tsabola amawaotcha pamtima, nkhanu ndi zinzake zam'nyanja sadya, ndipo phokoso la masipika limawadwalitsa mutu. Mtima wanga uli pa lamatabwalo, koma ndalamayo ndidula ku mpamba wa geni. Amene munakwerako, kodi kusiyana kwake ndi koyenera ndalama imeneyo?

Wokhala ku Bangkok:
Achemwali, njira ndi imodzi pafupifupi onse. Amanyamuka cha m'ma 7 koloko usiku, kukwera mtsinje kudutsa Wat Arun ndi Grand Palace, kukatembenukira pa mlatho wa Rama VIII, n'kubwerera. Maola awiri basi. Ndiye zoona m'maso n'zofanana, chimene mukugula ndi pokhala. Pa boti lalikulu anthu amathamangira chakudya likangonyamuka, ndipo nthawi imene akulimbirana mbale ndi yomwe akachisi akudutsa. Mukasankha limenelo, pemphani tebulo la m'mbali, pansanja yam'mwamba yopanda magalasi. Amayi akhale pansi, inu muziwatengera. M'chipinda cham'munsi muli mphepo yozizira bwino, koma magetsi am'katimo amawala pagalasi moti kunja simuona kwenikweni.

China chofunika kwambiri ndi pokwerera. Ena amanyamukira pa ICONSIAM, ena pa River City, ena pa Asiatique, onsewa ndi malo a masitolo a m'mphepete mwa mtsinje, ndipo malowa ndi otalikirana. Werengani bwino tikiti. Musadalire takisi nthawi yoweruka, kuchokera ku Pratunam mutha kukhala pamsewu boti n'kukusiyani. Kwerani sitima yoyenda pa njanji yam'mwamba ya BTS mpaka siteshoni ya Saphan Taksin, potsikira pomwepo pali doko la Sathorn pamene maboti opita ku ICONSIAM ndi ku Asiatique amaima.

Bambo wa maulendo:
Mayi, ine ndinena za masitepe. Nsanja yam'mwamba imene akukuuzaniyo mumakwera masitepe opapatiza komanso otsetsereka. Kwa munthu wa mawondo ndi nkhondo. Amatabwa aja pokhala pake ndi pansanja imodzi, m'mbali motseguka, mphepo ikuwomba. Kuipa kwake n'koti poti ndi ang'ono, lalikulu likadutsa pafupi mafunde amawagwedeza ndithu, ndipo pokwera pamafunika wowagwira dzanja. Kumbukiraninso kuti October ndi November mtsinje umakhala wodzaza ndi madzi ochokera kumpoto. Madzi a m'nyanja akakweranso, maboti aatali amalephera kudutsa pansi pa milatho yofupika ngati Memorial Bridge, ndipo amasintha njira. Akatero ndiye kuti Wat Arun simufikako, chifukwa ili kumtunda kwa mlathowo. Afunseni zimenezi musanalipire.

Mayi wa geni mnzanu:
Asisi, ine ndikutsutsako pang'ono. Ndinakwerapo lalikulu lina, chakudya chinali chozizira, oimba akukuwa mpaka kulephera kumvana ndi amene ndinali naye. Ndalama ija ikundiwawabe. Bwanji osakwera boti wamba la mbendera ya orenji, la Chao Phraya Express Boat, dzuwa lisanalowe? Ndi ndalama yochepa zedi. Mukadye pa lesitilanti ya m'mphepete mwa mtsinje cha ku Tha Tien, moyang'anizana ndi Wat Arun penipeni. Kumeneko kachisiyo mumamuona ola lathunthu, osati mphindi zochepa boti likudutsa.

Wokhala ku Bangkok:
Nzeru yabwino kwa ife amiyendo yolimba, koma boti wamba limaima pang'ono chabe padoko, anthu kukankhana, wolondera akuliza wezulo. Amayi a zaka 68 ayi ndithu. Ku Tha Tien apite pa sitima yapansi panthaka ya MRT, atsikire pa siteshoni ya Sanam Chai. Za chakudya musade nkhawa, mpunga, nkhuku ndi ndiwo zamasamba sizisowa. Msuzi wa tom yum ndi saladi ya som tam azipewe, zimawawa. Pa lamatabwa, poti amaphika motsata mndandanda umodzi, alembereni pogula tikiti kuti m'modzi sadya zam'nyanja ndi tsabola. Mchere wake wa mango ndi mpunga womata wothira mkaka wa kokonati akaukonda.

Wofunsa:
Zikomo nonse, mwanditsegula m'maso, makamaka za masitepe ndi za mlathozo. Ndatsimikiza lamatabwa, ndichepetsako katundu wooda. Funso lomaliza: ndamva kuti chikondwerero cha Loy Krathong chimachitika mu November momwemo, mwezi ukakhala wathunthu, anthu n'kumayandamitsa timadengu tamaluwa ndi makandulo pamadzi. Ndilunjike usiku umenewo kapena ndiuzembe?

Bambo wa maulendo:
N'zokongola, koma mitengo imakwera, malo amatha msanga, ndipo m'madoko mumadzaza osapeza popondera. Ndi amayiwo, tengani usiku wina pakati pa sabata, ndipo mufike padoko kudakali ola lathunthu kuti awakweze moyambirira.