Ndakhoza ndi mapointi 21, ndikufuna unamwino, ndiyambire pati?

Membala wosatchula dzina: Moni makolo ndi abale pa gulu lino. Ndithandizeni nzeru, tulo sindikupeza. Ndakhoza MSCE ndi mapointi 21 pa CDSS ina ku Makanjira kuno. Mtima wanga uli pa unamwino, chifukwa kwathu mayi woyembekezera zikamuvuta, ulendo wa ku chipatala cha pa boma ndi wautali, ndiye mvula ikagwa msewu wake mukuudziwa. Koma amalume akuti sukulu yakwana, ndizikayanika usipa, chonsecho mwana wawo akumulipirira pulaiveti ku Blantyre. Pa sukulu pathu panalibenso labu. Foniyinso ndi yobwereka. Ndiyambire pati?

Mphunzitsi wa Sayansi: Mwanawe, mapointi okha sauza munthu kanthu. 21 ndi kuphatikiza maphunziro 6 omwe wakhoza bwino, mwina muli Chichewa ndi Bible Knowledge. English wapeza chani? Nanga Biology, Chemistry, Physics ndi Mathematics? Giredi 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi pass chabe. Ku yunivesite za boma amafuna ma credit 6 kuphatikizapo English, ndipo digiri ya unamwino ku KUHeS kapena MZUNI amayang'ana sayansi. English ikakhala 7, fomu yako siyenda. Lemba magirediwo pano.

Mlongo wa ku Malindi: Aphunzitsi, mwanayu wanena kuti labu kunalibe. Mukufuna apikisane bwanji ndi wa ku sekondale ya Dedza Government? Chichotsereni quota yosankhira ana ku yunivesite mu 2020, ana a ma CDSS a kunyanja kuno akuthamanga mpikisano umodzi ndi anzawo amene zida zonse anali nazo.

Mphunzitsi wa Sayansi: Achemwali, quota inkagawa malo potengera boma lomwe munthu amachokera, osati sukulu yomwe waphunzira. Mwana wa bwana wolembedwa kuti kwawo ndi ku Mangochi koma wakulira ku Lilongwe ndiye ankapindula. Mankhwala ake ndi kumanga malabu ndi kutumiza aphunzitsi a sayansi ku ma CDSS.

Mlongo wa ku Malindi: Ndiye adikire malabu amangidwe?

Bambo a ku Monkey Bay: Aliyense unamwino, unamwino! Nyanja ili pakhomo, chambo chikuchepa, akatswiri a nsomba akufunika. Pa Mpwepwe pompano pali Malawi College of Fisheries, ndipo LUANAR ku Bunda ili ndi digiri ya ulimi wa nsomba. Amalumewo angamvetse msanga zimenezi.

Namwino wa ku Namwera: Mng'ono wanga, njira si ya digiri yokha. Makoleji a CHAM (bungwe la zipatala za mipingo), monga St Luke's ku Malosa, amaphunzitsa dipuloma ya unamwino ndi uzamba, komanso kuli Malawi College of Health Sciences. Amenewa amalengeza malo paokha, kotero uziyang'ana m'nyuzipepala. Ukamaliza umalemba mayeso a Nurses and Midwives Council kuti upeze chiphaso chogwirira ntchito. Usalipire koleji iliyonse usanatsimikize kuti NCHE (bungwe loyang'anira makoleji ndi mayunivesite) ndi khonsoloyi amaivomereza.

Mphunzitsi wa Sayansi: Zoona, koma fomu ya NCHE yofunsira malo ku yunivesite za boma alembebe. Cholakwika cha ana ambiri ndi kudzaza malo onse ndi makosi olimbiranidwa okhaokha, kenako n'kutsala panja. Sakaniza: unamwino poyamba, pansi pake uphunzitsi wa sayansi. Nambala ya foni yomwe ulembe ikhale ya munthu amene umamuona tsiku lililonse. Ngati sayansi ina ili pa 7, lembetsanso ku MANEB phunziro limenelo, mayunivesite amalola kuphatikiza zotsatira za maulendo awiri. Ngongole ya HESLGB (bungwe lobwereketsa ndalama za fizi) umafunsira ukasankhidwa, ndipo imabwezedwa ukamaliza, choncho chiphaso cha unzika chikhale chokonzeka.

Mayi a ku Chimwala: Mwanangu, za amalume usaziike pa Facebook. Pita ndi amayi ako kwa ahedi akakuthandizeni kulankhula nawo.

Membala wosatchula dzina: Zikomo nonse. Amalumewo ngakhale ahedi sangawamvere, anakanganapo kale pa nkhani ya fizi.

Mphunzitsi wa Sayansi: Za amalume tamva, mwanawe. English ndi Biology wapeza chani?