Thandizeni: mpweya wotsalira m'mapapo amauyeza bwanji?

Moni nonse. Ndili chaka choyamba cha maphunziro a unamwino, ndipo phunziro la mapapo landizunguza mutu.

Zina ndazimva bwino. Munthu wamkulu akamapuma ali phee amakoka mpweya pafupifupi mamililita 500, ndiyo tidal volume ija, koma mamililita ngati 150 amangothera m'njira za mpweya osafika m'timatumba momwe magazi amatengera okosijeni. Mapapo a mwamuna wamkulu akadzaza amasunga pafupifupi malita 6.

Pandivuta ndi pa residual volume, mpweya wa malita pafupifupi 1.2 umene umatsalabe ngakhale munthu atauzira kunja ndi mphamvu zake zonse. Aphunzitsi anati spirometer, chipangizo chopumiramo poyeza mapapo, singauyeze chifukwa imangowerenga mpweya wodutsa pakamwa. Nanga nambalayo amaipeza bwanji? Anatchulako njira yogwiritsa ntchito mpweya wa helium, koma m'mene helium imasonyezera kuchuluka kwa mpweya umene sunatuluke, pamenepo ndinasochera.

Chinanso, odwala emphysema (matenda owononga timatumba ta m'mapapo), monga ena osuta fodya kwa zaka zambiri, mpweya wotsalirawu umawachulukira. Chimautsekereza m'katimo n'chiyani, poti amapumabe?

Inu amene munadutsamo kale, chonde ndifotokozereni pang'onopang'ono. Mayeso ayandikira, ndipo sindikufuna kungoloweza manambala.