Ndithandizeni abale, ndikufuna kuyamba blog ya zakudya zathu zakumudzi koma ndili ndi foni yokha

Wofunsa:
Mwaswera bwanji nonse a m'gulu lino. Pepani positi italikako koma chonde werengani mpaka kumapeto, nkhaniyi yakhala ikundisowetsa tulo.

Ine ndimakhala ku Ntcheu, ndimaphunzitsa ku pulaimale. Kuyambira 2022 ndakhala ndikulemba pa peji yanga ya Facebook za zakudya zomwe anandiphunzitsa agogo anga aakazi, kaphikidwe ka chigumu mumpoto makala ali pamwamba pa chivundikiro, kafutsidwe ka chitambe ndi khwanya kuti mfutso usachite nkhungu, thobwa la chimera cha mawere, futali, kachezedwe ka chidulo cha therere, zonsezo. Agogowo anatisiya chaka chatha ndiye zolembazo kwa ine si zamasewera ayi, muli mawu awo mmenemo, pena ndinkalemba ndendende mmene ankayankhulira.

Mwezi watha mwana wa achemwali anga amene ali ku Cape Town anandifunsa za chigumu, ndinasaka pa peji yanga yomwe mpaka bandulo kutha osaipeza positiyo, inakwiririka pansi penipeni. Sabata yomweyo mnzanga wakuntchito akuba anamulanda akaunti atadina linki ina yake, zithunzi za ana ake ndi zonse zomwe analemba zinapita basi. Ndinagwidwa nthumanzi kuti nanga zitandichitikira ine, mawu a agogo aja ndikawapeza kuti?

Wina wandiuza kuti nditsegule blog, tsamba langalanga la pa intaneti loikapo zolemba, koma sindikudziwa poyambira. Zaulere zilipo kapena mpaka ulipire? Laputopu ndilibe, ndili ndi foni ya Android basi, zitheka? Komanso ndipitirize mChichewa kapena ndisinthe, poti ena akuti zaChichewa sizibweretsa ndalama. Ndalama si cholinga changa chenicheni koma ya bandulo yokha itamabwerako ndingayamike. Odziwa ndithandizeni.

Mnyamata wa zamakompyuta, Lilongwe:
Aphunzitsi zitheka bwinobwino pa foni. Zaulere zodziwika ndi ziwiri, Blogger ndi WordPress.com. Ine kwa inuyo ndinganene Blogger. Ndi ya Google, anaigula mu 2003, ndiye ngati muli ndi Gmail mwamaliza kale theka la ntchito, mungolowa pa Chrome, kusankha dzina, adilesi yanu imathera ndi blogspot.com, osalipira olo tambala ndipo sakuikiranipo malonda inu musanafune. WordPress.com yaulere ndiyokongola koma amaonetsapo malonda awo ndipo zinthu zambiri zabwino mpaka ukwere pulani yolipira ya madola.

Chomwe chithetse vuto lanu losaka lija ndi ma label. Positi iliyonse muziipatsa chizindikiro, ndiwo, zakumwa, zofutsa, zokazinga, munthu akadina pa zofutsa zonse zimabwera pamodzi olo munalemba zaka zitatu zapitazo. Muikenso kabokosi kosakira pamwamba. Dzina lisatalike, likhale loti mutha kumuuza munthu pa minibasi iye nkulikumbukira akafika kunyumba.

Mayi wa ku Mzuzu:
Achemwali mverani ine ndinadutsamo. Ndinatsegula yanga ya zosoka, ndikumaika linki yokha pa Facebook kuti anthu akawerengere uko, mwezi wathunthu zii. Kufunsa, anthu akuti linki sikutseguka. Anthu athu ambiri amagula bandulo ya Facebook ndi WhatsApp yokha poti ndiyotchipa, imeneyo situlukira kunja, ndiye inu mukati dinani apa mwawatsekera chitseko. Peji yanuyo musaisiye. Facebook ndi kumsika, blog ndi nkhokwe. Nkhani yonse muziikabe pa peji kuti a bandulo yaing'ono awerenge, yomweyo muziikanso ku blog kuti isungike, linki pansi kwa amene angathe.

Membala wina:
Zoona zake ndi zoti ngati mukufuna ndalama lembani mChizungu basi. AdSense, yomwe imalipira anthu pa malonda a Google, ili ndi mndandanda wa zilankhulo zomwe imalola ndipo Chichewa palibepo. Komanso salipira mpaka ndalama zikwane 100 dollars, ndipo pakati apo amakutumizira PIN pa kalata ya ku positi ofesi kuti atsimikize adilesi yako. Si zachidule. Olemba Chizungu omwe zimawatengera nthawi.

Wofunsa:
Zikomo achimwene pondiuza chilungamo, ndibwino ndidziwiretu. Koma ndaganizaganiza, kutendera ndikakunena bwanji mChizungu? Agogo ankati nsinjiro uzithira nkhwani atafewa, usavundule msanga, uzisiye zikhale pamwamba kaye zipse ndi nthunzi apo ayi zimanunkha chiwisi. Ndikazitembenuza zimenezi zikhala za wina, osati za iwo. Bola ndalama ya Google ikhale.

Bambo wa ku Leeds:
Mwana wanga wayankha bwino, usasinthe. Zolembedwa mChizungu za nsima ndi chambo zilipo zambirimbiri, zina analemba ndi alendo omwe anakhala ku Malawi masabata awiri. ZaChichewa zenizeni ndiye zosowa, ukasaka umangopeza zochepa, ndipo ife tili kunja kuno timazifuna kuti ana athu aziwerenga chilankhulo chawo pa nkhani yomwe akuikonda, chakudya. Ngati ukufuna ika ndime imodzi yaifupi ya Chizungu pansi pothandiza zidzukulu zobadwira kuno, koma thunthu likhale Chichewa.

Pempho langa limodzi, ndinali mphunzitsi inenso. Agogo ankayeza ndi dzanja ndi maso, koma wowerenga ali ku Leeds sanaone dzanja lawolo. Ukalemba kuti ufa wokwanira, soda pang'ono, munthu amaononga mpoto wonse. Phika kamodzi uli ndi kapu ndi supuni pambali, uyeze, ulembe kuti makapu angati a mgaiwa, nthochi zingati, moto wa mphindi zingati. Mawu a agogo uwasiye momwemo, miyezo yako uike pansi pake.

Mlongo wa ku Chipata:
Ise kuno ku Zambia tizawerenga, muyambe chabe. Koma muziikako maina onse, nkhwani ise timati chibwabwa, zitumbuwa timati vitumbuwa, munthu akasakila pa Google na dzina lamene adziwa akupezeni.

Mnyamata wa zamakompyuta, Lilongwe:
Mfundo ya asisi a ku Chipata ndiyaikulu kuposa mmene ikuonekera. Mutu wa positi uzikhala mawu omwe munthu angalembe posaka. Pa Facebook mutha kuyamba ndi "Lero ndakumbuka agogo" anthu nkukonda, koma ku blog mutu ukhale "Kaphikidwe ka chigumu kapena chikondamoyo pa makala", zokumbuka agogozo zibwere mkati. Mukafika mapositi angapo mulembetse blog yanu ku Google Search Console, ndiyaulere, imakuonetsani mawu omwe anthu analemba kuti akupezeni, mudzadabwa zomwe anthu amasaka.

China ndi zithunzi. Chithunzi chochokera mu kamera ya foni chimatha kukhala 3 MB kapena 4 MB, mukaika zisanu pa positi imodzi mwamudyera munthu bandulo ndipo kumudzi komwe netiweki ndiyofooka sizitseguka nkomwe. Muzizichepetsa kaye zifike cha m'ma 200 KB. Njira yachidule, dzitumizireni nokha pa WhatsApp kenako mutenge chomwe chafikacho, chimakhala chitapepuka kale. Ziwiri kapena zitatu zakwana, ndipo jambulani panja pa khonde masana osati mukhitchini muli utsi.

Membala wina wa ku Blantyre:
Ine sindikugwirizana ndi za blogspot, zimaoneka zachibwana. Gulani domain, ndiye kuti adilesi yanuyanu ya pa intaneti, ya .com kapena ya .mw yomwe amayang'anira a Malawi SDNP, muike WordPress yeniyeni, anthu akupatseni ulemu.

Mayi wa ku Mzuzu:
Achimwene ulemu umabwera ndi zolemba osati adilesi. Domain ndi hosting, malo osungirako blog pa intaneti, umalipira chaka ndi chaka, za kunja ndi madola, ndiye kumbukirani kuti kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, yemwe ankalipira bwinobwino anangoona mtengo wakwera usiku umodzi, kuonjezera kuvuta kwa foreksi polipira ndi khadi la kubanki. Chaka chimodzi ukalephera dzina limapita, wina atha kuligula, malinki onse omwe unagawa afa. Awa ndi aphunzitsi a ku pulaimale, ayambe ndi zaulere, zikayenda domain adzailumikiza pa Blogger pomwepo osasamutsa kanthu.

Za ndalama ya bandulo, ine imabwera kudzera kwa anthu omwe awerenga nkundipatsa oda. Inunso mudzaona, wina adzafuna mfutso, wina chimera, wina mudzamuphikire thobwa la pachinkhoswe, Airtel Money kapena Mpamba nkulowa.

Mnyamata wa zamakompyuta, Lilongwe:
Ndabweranso poti nkhani yanu yeniyeni ndi yoti mawu a agogo asasowe, ndiye ndisakunamizeni kuti blog ndi yamuyaya. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu uja, wopanga magetsi a mphepo, nkhani yake inafalikira kwambiri kudzera m'ma blog asanapite ku msonkhano wa TED ku Arusha mu 2007, ndipo blog yake inali pa Typepad, malo ena otsegulirapo ma blog ngati Blogger. Typepad yomweyo inatsekedwa pa 30 September 2025, aliyense anauzidwa kuti atengeretu zolemba zake tsikulo lisanafike. Ndiye inu muzilemba kaye mu Google Docs kapena mu notes ya foni, kenako kukopera ku blog, izi zimathandizanso netiweki ikaduka muli mkati molemba. Mu Settings ya Blogger muli poti Back up content, muzichita mwezi ndi mwezi. Gmail yanuyo muiikire 2-Step Verification, loko wachiwiri pamwamba pa pasiwedi, lero lomwe, pasiwedi isakhale tsiku lanu lobadwa, ndipo nambala iliyonse yobwera pa SMS musamuuze munthu olo anene kuti ndi wa ku ofesi.

Bambo wa ku Leeds:
Ndipo usindikizenso pa pepala. Mapositi akakwana 20 pita posindikizira pa boma, umange kabuku, kamodzi kako kamodzi ka achemwali ako.

Membala wina:
Chenjeraninso ndi mapeji okopera, amatenga positi yonse nkuchotsa dzina lanu. Lamulo la Copyright Act la 2016 limakutetezani ndipo a COSOMA ndi omwe amaona zimenezi, koma chothandiza tsiku ndi tsiku ndi kulemba dzina la blog pa chithunzi chilichonse, pakatikati osati pakona poti pakona amadula. Blog imaonetsanso deti lomwe munalemba, umenewo ndi umboni wanu.

Wofunsa:
Abale Mulungu akudalitseni nonse, sindimayembekezera kuti mungandiyankhe chonchi. Blog ndatsegula usiku womwe uno, Gmail ndaiikira loko wachiwiri uja monga mwanenera achimwene a ku Lilongwe. Positi ya chigumu ija ndaipeza, inali ya August 2022, ndaiwerenga mpaka misozi. Loweruka ndiphika ndi kapu pambali monga anenera bambo a ku Leeds ndiye ikhale yoyamba. Zakale zilipo zoposa 60, ndaganiza zosamutsa ziwiri pa sabata ndikuzikonza bwinobwino, poti nthawi ya mayeso ikubwerayi sindingathe zambiri.

Funso lina latsala. Ndili ndi mavoisi anayi omwe ndinawajambula agogo akufotokoza kachezedwe ka chidulo ndi kumera chimera, ali mufoni muno mokha. Amenewa angaikidwe pa Blogger kuti anthu azimva mawu awo, nanga ndiwasunge kuti kaye usiku uno?