Thandizeni: kodi mwana wanga walakwitsa pati pa mawu oti "bifurcate"?

Abale anga a pagulu pano, ndine kholo, ndimakhala ku Mpondasi kuno ku Mangochi. Mwana wanga wamkazi ali Folomu 4, akukonzekera mayeso a MSCE. M'notsi zake za Biology muli chiganizo chakuti "the trachea bifurcates into two bronchi". Atafunsa anzake anamuuza kuti ndi kuchita nthambi. Mawuwo anawakonda, n'kuwaika m'chimangirizo cha Chingerezi pofotokoza mtengo wa mango wa pakhomo pathu, kuti nthambi zake zimachita bifurcate. Aphunzitsi angodula mzere wofiira osalembapo chifukwa. Wabwera ali khuma. Ine sukulu ndinalekezera Folomu 2, ndipo zikundipweteka kuti sindingamuwongolere. Walakwitsa pati?

Mphunzitsi wa ku Namwera: Bambo, mwanayo sanasochere patali. Mawuwa ndi ochokera ku Chilatini. "Bi" ndi ziwiri, monga mu bicycle ya mateyala awiri ija, ndipo "furca" ndi mphanda. Ndiye ndi kugawikana pawiri basi, ngati mphanda ya legeni kapena mzati wa mphanda wonyamula mtanda wa khonde. Mango nthambi zake zimangoti mbwee uku ndi uku. Pamenepo akanalemba kuti "branches out". Thunthu likadakhala kuti lagawikana pawiri, akanakhoza.

Namwino: Za m'notsizo n'zoona. Njira ya mpweya yotsika kuchokera kukholingo ikafika m'chifuwa imagawikana pawiri, ina kupita kuphapo lamanja, ina lamanzere. Mtsempha waukulu wa magazi nawo umatero cha pamchombo, kuti magazi atsikire m'miyendo yonse iwiri. Ife pantchito mawuwa timakumana nawo kwambiri.

Wakabaza: Nanga mukawoloka mlatho wa Bakili Muluzi, paja msewu wina umapita ku Namwera ndi Chiponde, wina ku Malindi ndi Makanjira, ndi zomwezo?

Mphunzitsi wa ku Namwera: Ndi zomwezo achimwene, koma pocheza Mngerezi amangoti "the road forks". Bifurcate ndi la m'mabuku, la madokotala ndi olemba mapu. Komanso musasokoneze ndi mphambano yomwe misewu yadutsana, imeneyo ndi crossroads. Ine ana anga ndimawauza kuti ochonga mayeso sagoma ndi mawu aakulu oikidwa posayenera.

Msodzi wa ku Msaka: Muuzeni ayang'ane mapu a nyanja yathuyi. Kummwera kuno yagawikana pawiri pa Nankumba, mbali ina kutsikira kumene Shire akutulukira, ina kulowera ku Malembo. Sadzaiwalanso.

Wofunsa: Zikomo nonse, mwandimasula. Tapita limodzi kukauyang'ana mtengowo, ndipo thunthu lake lagawikana patatu. Aphunzitsi, pamenepa alembe bwanji?

Mphunzitsi wa ku Namwera: Alipo mawu oti trifurcate, koma angolemba kuti "divides into three". Akakonza mawa akawaonetse aphunzitsi akewo.