Bambo anga achitidwa opaleshoni ya khansa, koma thumba likungodzaza madzi

Admin ndibiseni dzina chonde.

Abale ndigawireni nzeru. Bambo anga a zaka 64 anawachita opaleshoni ku India, khansa ya kumapeto kwa thumbo, kufupi ndi kotulukira chimbudzi. Sanawang'ambe mimba yonse, anangoboola timabowo tinayi polowetsera kamera ndi zipangizo, n'kucheka pang'ono kumunsi potulutsira chotupacho. Anawaikanso stoma (kabowo ka pamimba kotulutsira chimbudzi m'thumba lomata) kumanja kwa mchombo, akuti ndi yongoyembekezera kuti pamene analumikiza thumbo papole kaye. Lero ndi tsiku la 19 chiwachitireni opaleshoni, tafika ku Lilongwe Lachiwiri.

Mabala alibe vuto. Chandisowetsa mtendere ndi thumba. Kuyambira dzana ndikukhuthula ka 9 kapena ka 10 pa tsiku, madzi okhaokha obiriwira. Dzulo ndinayezera m'botolo la Sobo la malita awiri, linangotsala pang'ono kudzaza. Milomo yauma, akaimirira chizungulire, mkodzo ukutuluka pang'ono, wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Amayi akungowakakamiza madzi makapumakapu, koma ngati akumwera thumbalo. Ndiye usiku kumbuyo kwatuluka zonanda ngati mamina, iwo mantha kuti polumikiza paja pamasuka. Thupi silikutentha. Tidikire Lolemba?

Namwino wa ku Leeds: Achemwali, za Lolemba iwalani, pitani nawo lero ku Kamuzu Central ndi mapepala onse a ku India. Stoma ikamapitirira lita imodzi ndi theka pa tsiku thupi limatha madzi ndi mchere, impso ndiye zimavulala msanga. Akayezedwe magazi, mwina afunika dilipi. Madzi wamba ochuluka amawonjezera kutuluka, apatseni Thanzi ORS pang'onopang'ono. Loperamide, mankhwala ochepetsa kutsegula m'mimba, amathandiza, koma mlingo auze adokotala.

Bambo a mapasa: Zonandazo zisakuopseni, thumbo lakumunsi limapangabe zimenezo ngakhale chakudya sichikudutsako. Ine zinkandichitikira mpaka ananditseka stoma patatha miyezi isanu. Koma mukaona mafinya, magazi ambiri, kutentha thupi kapena mimba kuuma, thamangani. Nsima ya ufa woyera, mpunga ndi nthochi zinkandilimbitsira chimbudzi. Mtedza ndi chimanga chokazinga ayambe aiwala, zimatseka stoma.

Nachisale: Yesani madzi a masamba a gwafa.

Namwino wa ku Leeds: Mayi, pano ayi chonde.

Mwini funso: Zikomo nonse, achimwene abwera ndi galimoto, tikunyamuka. Amene akudziwa kogula matumba a stoma mu Lilongwe muno andilembere, atsala 6 okha.