Za sukulu ya agogo ya Loweruka

Mlembi: Abale a ku Linthipe, kumudzi kwachokera pempho. Akufuna kuti Loweruka lililonse agogo azikhala ndi ana n'kumawaphunzitsa za nyengo, mitengo ndi mbalame m'Chichewa. Akupempha makope, mapensulo ndi kangachepe ka sopo ka agogowo. Tikutipo bwanji?

Msungichuma: Ndingokumbutsa kuti mjigo wa kusukulu sunakonzedwebe. Thumba ndi lomweli.

Achimwene a ku Joni: Ine ndinene mosapsatira. Mwana akufunika Chingerezi ndi masamu. Ngumbi sizibwera pa mayeso a Sitandade 8.

Aphunzitsi opuma: Achimwene, choko ndachigwira mpaka imvi. Mwana amaloweza za nyengo m'Chingerezi, koma mukamufunsa za chizimalupsa amangoyang'ana kudenga. Agogo amadziwa kuti mvula ija yozimitsa lupsa si yobzalira, wobzala nayo mbewu zimamupserera. Kapena mutengereni mwanayo pansi pa msangu. Mitengo ina ikamabiriwira m'dzinja, iwo umayoyola masamba, n'kudzaphuka mvula itatha. N'chifukwa chake chimanga cha pansi pake chimakondwa: dzuwa chikulipeza, masamba aja asanduka manyowa. Imeneyo si sayansi?

Amayi a ku Area 25: Bola zisakafike kudambwe. Enafe ana athu ndi a Sande sukulu.

Aphunzitsi opuma: Zakudambwe zili ndi eni ake, mayi. Izi n'zamasana, pabwalo, aliyense akuona.

Mphwathu wa ku Bunda: Pepani akuluakulu, koma nyengo inasintha. Mvula ikumayamba mochedwa, pena ng'amba m'Januwale. Zizindikiro za agogozo zikugwirabe ntchito?

Azakhali a ku Leeds: Ntchito ya makope ndi imeneyo, mwanawe. Ana azilemba tsiku limene nyenje zayamba kulira, masuku apsa, ngumbi zatuluka, mvula yobzalira yagwa, kenako aziyerekeza ndi zomwe a zanyengo alengeza pa wailesi. Pomwe agogo aphonya, alembenso kuti aphonya. Anga kuno sadziwa n'komwe kuti masika n'chiyani, zimandiwawa.

Amayi a ku Area 25: Ndiye awauzenso zosiya kutentha tchire posaka mbewa. Nyengo yobzala mitengo imayamba pa 15 Disembala, akhale ndi kanazale kawo.

Msungichuma: Mjigo choyamba. Nazaleyo azithirira ndi chiyani?

Azakhali a ku Leeds: Makope ndigula ine, thumba lisakhudzidwe.

Achimwene a ku Joni: Nanga sopo wa agogo? Mwezi ndi mwezi ameneyo.

Mlembi: Za sopo tivota Lamulungu 8 koloko madzulo. Amene simunapereke ya mwezi uno mulibe voti, mukudzidziwa.